Kupaka mafuta gitala ya magetsi yopanga wekha, mmene ndimachitira kuno ku Kasungu

Gitala yanga yoyamba ndinaipaka mafuta ophikira. Eee, a mtedza enieni, omwewa timakazingira mandasi. Munthu wina wapamsika anandiuza kuti mafuta ndi mafuta basi, thabwa silisankha, ine nkumvera. Tsiku loyamba inawala bwino zedi mpaka ndinaijambula, koma patatha masabata atatu inali ikunandabe m'manja, fumbi lonse la pa M1 linakakamira pamenepo, kenako inayamba kafungo kachiwindi komanso nyerere zinapeza pogona mu bowo la pikapu, kachipangizo ka maginito kotola kulira kwa mawaya a gitala kaja, kkkk. Ndinakwecha bodi yonse kuyambiranso. Nde pofuna kuti inu musadutse njira imeneyo, ndalemba mmene ndimachitira panopa, mwina wina amene wasema bodi yake ndipo wafika poti aipake chiyani athandizika.

Tiyambe ndi mafutawo chifukwa ambiri timagwa pomwepa. Mafuta a mtedza, a soya, a mpendadzuwa, oyilo wa galimoto, Vaseline, zonsezi ayi. Amene tikufuna ndi mafuta omwe akakumana ndi mpweya amauma nkulimba okha mkati mwa thabwa, ndipo odziwika ndi awiri, linseed ndi tung. Linseed amachokera ku njere za mbewu ya flax, ndipo pa botolo muyang'ane kuti palembedwa boiled linseed oil, osati raw. Raw uja amauma koma mudikira masiku ambirimbiri pa koti imodzi, pomwe boiled anamuthira mankhwala ofulumizitsa kuuma nde tsiku limodzi kapena awiri zatheka. Tung amachokera ku mtedza wa mtengo wa tung, amalimbana ndi madzi kuposa linseed komanso sadetsa thabwa kwambiri, vuto kusowa. Zoseketsa nzoti dziko lathu lomweli linkalima tung, tauni ya Mzuzu inayambira pa esiteti ya tung cha mu 1947, koma lero kuti upeze kabotolo kamodzi mpaka utume munthu wochokera ku Joni. Palinso Danish oil, amene ndi mafuta osakaniza kale ndi vanishi ndi thina, komanso Tru-Oil wa kampani ya Birchwood Casey yemwe anapangidwira zigwiriro za mfuti koma opanga magitala amamukonda kwambiri makamaka pa neki, khosi la gitala lija. Mukamupeza ameneyo gulani osaganiza kawiri.

Ine kawirikawiri ndimasakaniza ndekha. Gawo limodzi boiled linseed, gawo limodzi vanishi wa polyurethane wa mafuta uja osati wamadzi, gawo limodzi tepentaini, kuyeza ndi kachitini ka tomato, kuthira mu botolo la galasi lokhala ndi chotsekera nkukhutchumula. Linseed payekha amaoneka bwino koma ndi wofewa, thukuta la mkono limamudya msanga, ndiye kavanishiko kamalimbitsa. Zinthuzi ku Kasungu boma nthawi zina zimapezeka m'mahadiweya, zikasowa ndi ulendo wa ku Lilongwe kumahadiweya a ku Malangalanga, anzathu a ku Mchinji ena amangodumphira ku Chipata. Sakanizani pang'ono, theka la kapu limakwana makoti angapo, gitala simwa mafuta ngati chitseko.

Chinthu chimodzi musanakhulupirire botolo lililonse, makamaka ogulitsa mopungulira m'mabotolo a madzi aja. Dontheza pang'ono pa galasi la windo losweka, paka mopyapyala ndi chala, siya pamthunzi. Pakatha masiku awiri kapena atatu akhale atauma moti ukakanda ndi chikhadabo akutuluka ngati kachikopa. Ngati adakali madzimadzi, amenewo pakani mpini wa khasu, osati gitala.

Tsopano thabwa. Mafuta sabisa kanthu, penti ndi amene amabisa. Kamzere kalikonse ka sandipepa, kadontho kalikonse ka guluu, mafuta amakaonetsa poyera kuposa mmene kanalili. Nchifukwa chake pa ntchito yonseyi nthawi yambiri imathera pa kukwecha. Komanso thabwalo likhale louma ndithu, ngati mwaligula laliwisi kwa ocheka matabwa dzulodzuloli musapake kaye, lidzapindika neki nkuyamba kuvuta. Mbawa ndi thabwa labwino kwambiri pa gitala, ndi mtengo womwe kunja amautcha African mahogany ndipo mafakitale a magitala amaugwiritsa ntchito, koma uli ndi timabowo tambirimbiri totseguka tofunika kutseka, tifika pamenepo. Mlombwa ukapakidwa mafuta umatulutsa mtundu wokongola moti sufuna steni iliyonse yosinthira mtundu wa thabwa. Paini wa ku Chikangawa ndi wopepuka, wotchipa, koma wofewa ndipo amamwa mafuta mosiyanasiyana, pena kuda pena kuyera, nde muyembekezere zimenezo. Malaina amatuluka otuwa, ena sakonda, ine ndilibe naye vuto.

Masulani chilichonse. Mapikapu, buriji (chitsulo chogwira mawaya oyimbira pa bodi), makiyi otchunira, jaki (polumikizira chingwe cha ku ampu), mapoti a voliyumu (tozungulitsa tokwezera mawu), neki ngati ndi yomanga ndi masikuluwu, zonse mu kachitini kotseka. Mabowo onse mubooleretu musanapake, kuphatikiza kabowo kodutsa waya wa ethi wopita ku buriji kaja, anthu amakaiwala kenako nkumaboola gitala yomaliza kale dirilo nkuterereka. Ngati pali pamene panabonyoka chifukwa chogunda, musathamangire kukwecha mpaka kukumba chigwa. Ikani kansalu konyowa pamenepo nkudinda ndi simbi yotentha masekondi ochepa, nthunzi imatukumula thabwa kubwerera m'malo. Izi zimagwira pokhapokha thabwa langophwanyikira mkati, ngati lang'ambika ayi.

Kukwecha yambani ndi sandipepa 120 ngati pali zipsera za puleni kapena lasipi, kenako 180, kenako 220, nkumaliza ndi 320. Osadumpha nambala, chifukwa ntchito ya nambala iliyonse ndi kufufuta mizere ya inzake yapita ija. Pamalo afulati kulungani sandipepa pa kathabwa kosalala, mukamagwiritsa zala zokha mumapanga timapiri tosaoneka tomwe timadzaonekera mafuta akawala. Nthawi zonse kutsatira mizere ya thabwa, osapingasa. M'mbali mwa bodi, pamene mizere yathera monga kumatako kwa gitala ndi mkati mwa nyanga zija, ndi pamene pamatopetsa ndipo ndi pamene aliyense amaba, koma pamenepo pamamwa mafuta kwambiri nkuda bii, nde ine ndimapitirira mpaka 400 kuti pasamwe mopyola. Kachinyengo kanga ndi pensulo, ndimalemba mizere yokhotakhota bodi yonse mopepuka, ikafufutika yonse ndadziwa kuti nambala imeneyo yafika paliponse.

Mukafika pa 220 nyowetsani nsalu ndi madzi, finyani, pukutani bodi yonse. Ikauma mumva ngati yamera tiubweya, kukhakhala. Ndi zabwino zimenezo, tiubweyato tikanadzuka mtsogolo ndi thukuta. Dulani ndi 320 mopepuka, mukafuna bwerezani kawiri. Thabwa likadali lonyowa choncho yang'anitsitsani pa dzuwa chopendeketsa, pamene pali guluu pamakhala poyera posanyowa, makamaka pamzere umene munalumikiza matabwa awiri. Palani pamenepo mpaka pathe. Sipiriti wapepo uja musapukutire thabwa loyera ngati paini, amatha kusiya mtundu wake, tepentaini ali bwino.

Fumbi lichoke lonse, bulashi youma kenako nsalu ya tepentaini pang'ono. Matani tepi mu thumba lolowa neki muja komanso pansi pa chidendene cha neki, pamenepo pakufunika thabwa ligundane ndi thabwa, mafuta akaunjikana neki silowanso bwino. M'mabowo a mapikapu ndi a mawaya mukhoza kupaka kamodzi mopyapyala, koma ngati mukufuna kudzamata tepi ya kopa yoletsa phokoso ija, musiye mouma chifukwa pa mafuta simata. Kenako pezani kathabwa kotalika ngati mkono, kamangeni ndi masikuluwu awiri mu thumba la neki, kumapeto kwake boolani bowo. Kameneko ndi chogwirira chanu komanso chopachikira, simugwiranso bodi ndi manja.

Malo opachika ndi nkhani kuno kwathu. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa fumbi ndi kamvuluvulu sizisowa, ndipo m'miyezi ya mvula chinyezi chimachedwetsa kuuma, June ndi July kuzizira nakonso kumachedwetsa. Ine ndimapachika mu chipinda chopanda anthu, mawindo otsegula pang'ono mbali yosachokera mphepo, pansi ndawaza madzi kuti fumbi ligone. Chigafa chopanda fodya chimathanso ngati mwatchinga m'mbali ndi pepala la pulasitiki, koma fodya ali momwemo ayi, fungo la tepentaini lingalowe mu fodya mukalire kumsika wa fodya ku Chinkhoma. Padzuwa osayanika, pamwamba pamauma msanga mkati mukadali mwamadzi, komanso thabwa lotentha limalavula mafuta. Ndipo mbaula, kandulo, ndudu, zikhale kutali.

Koti yoyamba. Dulani tisheti yakale ya thonje, za pa kaunjika zoyera zija ndi zabwino, tizidutswa ngati chikhatho, osati nsalu yotuluka ubweya. Valani magolovesi, boiled linseed ali ndi mankhwala aja si wodyedwa. Koti yoyambayi yokha ndi imene mumapaka mowolowa manja, nyowetsani thabwa lonse, pamene pauma msanga onjezerani, lisiyeni limwe kwa mphindi 15 kapena 20. Kenako tengani nsalu youma nkupukuta ZONSE. Ndikunena zonse, mpaka muziona ngati mwachotsa chilichonse chimene munapaka. Apa ndi pamene mtima umakana, umati mafuta odulawa ndipukutenso? Pukutani achimwene. Mafuta amene akugwira ntchito ndi amene alowa mkati ndi kachigawo kopyapyala kotsala pamwamba, otsala ochuluka aja sauma, amasanduka ulimbo, ndipo ulimbo umenewo kuuchotsa kwake ndi tepentaini ndi misozi. Ngati mwachedwa yayamba kale kunanda, pakaniponso mafuta atsopano pang'ono, amasungunula akalewo, nkupukuta msanga.

Musachoke kupita ku bawo. Mbawa ndi mlombwa zimachita thukuta, timabowo tija timabweza mafuta timadontho ting'onoting'ono towala, ndipo tikaumira pomwepo timakhala ngati nsungu. Kwa maola awiri oyamba muzibwera mphindi 30 zilizonse nkupukutanso. Kenako isiyeni maola 24, nyengo yozizira kapena yamvula masiku awiri. Kudziwa kuti yauma, gundani ndi kuseri kwa chala pamalo obisika, isamveke kuzizira kwa mafuta kapena kumata, komanso pepala loyera mukalitsindika lisatenge banga.

Nsanza zija tsopano, ndipo apa ndikupemphani muwerenge kawiri. Linseed akamauma amatulutsa kutentha. Pa gitala simungamve chifukwa ndi wopyapyala, koma nsanza zonyowa mafuta mukaziunjika pamodzi kutentha kumasonkhana mkati mpaka zimayaka zokha popanda machesi. Ine ndinkayesa nthano za pa intaneti mpaka tsiku lina nditataya nsanza mu katoni ya utuchi, madzulo mayi a kunyumba akuti bambo a mwana kodi mukuwotcha chani kuseriko, kupita ndikupeza katoni ikufuka utsi pakati pada kale. Denga la shedi yanga ndi la udzu, ganizani. Chiyambire pamenepo nsanza iliyonse ndimaitambasula payokha pa waya panja kapena pa simenti mpaka iume gwa, apo ayi ndimaimiza mu chitini cha madzi. Osaika m'thumba la buluku, osaponya mu bini.

Koti yachiwiri ndi yachitatu ndi zotseka timabowo, kwa amene muli ndi mbawa kapena mlombwa ndipo mukufuna posalala ngati galasi. Tengani sandipepa wakuda wosaopa madzi uja, wa 400, dontheza mafuta pa bodi nkumakwecha ndi mafutawo kachigawo kakang'ono nthawi imodzi. Utuchi wosalala umasakanikirana ndi mafuta nkupanga kaphala, kaphala kameneko ndi kamene kamalowa m'timabowo, ndipo mtundu wake ndi wa thabwa lomwelo nde sikaoneka ngati filala wogula. Siyani mphindi 10 kalimbeko pang'ono, kenako pukutani mopingasa mizere ya thabwa, chifukwa mukatsatira mizere mukokanso kaphala kuchotsa m'mabowo. Iume tsiku lathunthu kapena awiri. Bwerezani, kachitatu mukhoza kukwera pa 600. Ena amakonda timabowo tizioneka kuti gitala izimveka thabwa m'manja, amenewo adumphe gawoli, palibe cholakwika. Paini alibe timabowo totero, ingopakani.

Kuchoka apo ndi makoti opyapyala basi. Madontho ochepa pa kansalu, osati pa gitala, kupaka paliponse, kudikira mphindi zisanu, kupukuta, kupachika, mawa chimodzimodzi. Pakatha makoti awiri aliwonse dutsani ndi 600 kapena 800 mopepuka ngati mukusisita mwana, kungochotsa tifumbi tomwe tagwera. Angati? Osakaniza anga aja ndimapaka 6 mpaka 8 pa bodi ndipo imatuluka kuwala kofatsa. Tru-Oil amaunjikana pamwamba ngati vanishi, amauma msanga, ndipo yeyo ukamupaka mopyapyala kwambiri ndi chala sufunikanso kupukuta, ukapitiriza makoti ambiri amafika powala ngati ya mushopu. Linseed payekha ngakhale mupake kangati sadzawala choncho, musalimbane naye.

Za steel wool. Amene amagwiritsa ntchito opanga mipando ndi wa 0000, wosalala kwambiri, osati wotsukira mapoto wa pa gulosale uja, ameneyo akalakala gitala yonse. Koma ngakhale wa 0000 yo amasiya tizitsulo ting'onoting'ono, ndipo mapikapu ali ndi maginito, amatikoka tonse nkumata pamitu pake mpaka kulowa ku koyilo. Nde ngati mwamugwiritsa ntchito mapikapu akhale chipinda china, musese bwinobwino musanawabweretse. Ine ndinangomusiya, ndimagwiritsa sandipepa wa 1000 kapena pepala la khaki la thumba la shuga lija, limasalaza modabwitsa.

Neki ndi imene imandisangalatsa pa nkhani ya mafuta, ndipo ndi chifukwa chake ndinasiya vanishi wa bulashi. Woyimba lidi ku kwaya ya kutchalitchi kwathu ankadandaula kuti mu Okutobala dzanja likachita thukuta limakakamira kuseri kwa neki ya vanishi, kutsetsereka kumavuta pakati pa nyimbo. Neki ya mafuta sichita zimenezo. Makoti 3 kapena 4 okha kuseri ndi kumutu, opyapyala kwambiri, mukachulutsa mwabwereranso ku vanishi yemwe mumathawa. Pamwamba pamene pali mafureti, tizitsulo topingasa neki tija, zimatengera thabwa. Ngati ndi lakuda lolimba la mtundu wa rosewood, matanipo tepi popaka nekiyo, pamapeto mudzangodontheza linseed pang'ono pa kansalu, kupaka, kupukuta nthawi yomweyo, kamodzi basi. Ngati ndi thabwa loyera lipakeni ngati neki yonse apo ayi lida ndi litsiro la zala mwezi umodzi, kenako mupale mafuta ouma pamwamba pa mafureti. Samalani mafuta asalowe mu timipata ta nati ya kumutu kwa neki modutsa mawaya oyimbira, ndi pa nati yopota ya truss rod, chitsulo cha mkati mwa neki choiwongolera chija.

Koti yomaliza ikatha, dikirani. Kuuma ndi kukhwima ndi zinthu ziwiri, pamwamba pamauma tsiku limodzi koma kuti mafuta alimbe mpaka mkati pamafunika masabata awiri, nyengo ya mvula atatu kapena anayi. Ndikudziwa, gitala ili apo yokongola, mawaya atsopano ali mu paketi, Lamlungu likubwera. Koma mukamanga msanga buriji ndi pikigadi, kapulasitiki koteteza bodi kuti isakalike kaja, zimadinda zipsera, ndipo mukaiika mu chikwama nsalu ya mkati imamatirira. Mphuno ndi imene imandiuza, ndikanunkhiza mu bowo la pikapu nkumvabe fungo la mafuta lamphamvu ndiye kuti sinathe.

Ikakhwima mukhoza kuisiya choncho kapena kupaka phula. Phula la njuchi kuno silisowa, alimi a njuchi a kufupi ndi paki ya nyama ya Kasungu amakhala nalo akafinya uchi. Lisefeni lichoke zinyalala, lisungunuleni mu kachitini koviika m'madzi otentha, chotsani pamoto kaye kutali ndithu kenako thirani tepentaini wochuluka kuposa phulalo pang'ono nkutakasa, likazizira likhale lofewa ngati polishi wa nsapato. Pakani pang'ono, dikirani mphindi 20, pukutani mwamphamvu ndi nsalu yofewa. Polishi wofiira wa pansi uja ayi, ndipo mapolishi opopera a mipando ambiri ali ndi silicone yemwe akalowa mu thabwa tsiku lodzapakanso mafuta amakana kugwira. Dziwaninso kuti mukapaka phula, tsiku lofuna kuonjezera koti ya mafuta muyambe mwalichotsa ndi tepentaini. Kuseri kwa neki ine sindipaka phula.

Pomanga, chotsani matepi, palani mafuta amene alowa m'mabowo a masikuluwu ndi a makiyi ndi kamsomali kapena dirilo yopota ndi dzanja, pakani kasopo kapena kaphula komweko pa sikuluwu kuti isathyokere mu mlombwa, chifukwa ikathyokera mmenemo tsiku lanu lathera pomwepo. Onetsetsani waya wa ethi ukugunda chitsulo cha buriji penipeni osati pa mafuta ouma, apo ayi mukalumikiza ku ampu muzimva mmmmm osatha nkumanamizira mapikapu.

Gitala ya mafuta imakalika msanga kuposa ya penti ya fakitale, lamba akaikhula imaoneka, ndipo pamene mkono umagona pamayamba kufuwa pakatha chaka kapena kuposerapo malingana ndi mmene mukuyimbira. Pakatero pukutani pamalopo ndi tepentaini, kwechani pang'ono ndi 600, dontho la mafuta pa kansalu, pukutani, mawa bwerezani, ndipo chigamba sichioneka. Mafuta otsala mu botolo amachita chikopa pamwamba chifukwa cha mpweya, nde ndimawathira mu kabotolo kakang'ono kuti adzaze mpaka kukhosi, kutseka zolimba nkukaimika chadodolido pa shelefu, chikopa chikapangika chimakhala kumatako kwa botolo osati kukamwa.